Mawu a Kapitawo Atsekeredwa mu Kompyuta

"Amayi, ndikadzabwera ndidzabwera nawo mawu a bambo, omveka bwino ngati akhala pakhonde pano."

Anatero Crispin chaka chimene ankapita ku Mangalande, akulonga kaseti m'chikwama. M'kasetimo munali malemu bambo ake, kapitawo wa pa esiteti ya tiyi kufupi ndi Goliati, akuimba nyimbo za Chilomwe zodulira tiyi, kenako n'kutsokomola, n'kukalipira nkhuku. Chithunzi chawo panalibe. Chimene chinatsala ndi mawuwo. Kasetiyo inali itayamba kukoka mawu, ndipo Crispin anati kunja kuli makina oikonzera.

Anabwera mu 2008, imvi zitamera kale m'mphepete mwa makutu. Mayi ake, a Keziya, anali ataitana amayi amene ankathyola nawo tiyi, ndipo onse anadzaza pakhonde. A Keziya analowa m'nyumba n'kutuluka ndi wailesi ya kaseti yokulungidwa m'chitenje, mabatire atsopano ali m'kati.

"Bweretsa kaseti ija, mwananga."

"Makaseti ndi zakale, amayi. Ndinasamutsira zonse mu kompyuta iyi."

"Nanga iyo ili kuti?"

Crispin anachita ngati sanamve. Kasetiyo anaitaya posamuka nyumba, pamodzi ndi nsapato zakutha. Ankati ya chiyaninso, poti mawu ali m'makina osachita nkhungu.

Anatsegula kompyuta pamiyendo n'kudina fayilo ya bambo ake. Panatuluka kabokosi ka Chingerezi: fayiloyi ndi yotetezedwa, chilolezo chake mulibe muno. Anadinanso, kabokosi komweko. Poganiza kuti vuto ndi sipika, anayesa fayilo ina, ndipo pakhonde ponse panalira gitala ya mzungu.

"Achimwene," anatero mlongo wake Lestina, "bambo anaphunzira liti gitala?"

Amayi aja anafa nacho chiseko.

"Asiyeni bambo, mwina akuchita manyazi," anaonjeza Lestina. "Akhalitsa kunja, Chilomwe aiwala ngati eni ake kompyuta."

A Keziya sanaseke. Anaphimbanso wailesi yawo.

M'mawa mwake Crispin anatsika kupita ku ofesi ya esiteti, kumene mnzake wa ku pulayimale, Amosi, anali kalaliki. Tiyi anali yemwe uja, wobiriwira mpaka m'zitunda, wometedwa bwino kuposa ana a anthu omuthyola. Fungo la masamba ochokera ku fakitale linamufika m'mphuno. Kunja kuja ankalilota fungo limeneli. Lero linkangomukumbutsa kuti m'mizere yonseyi munalibe womudziwa.

Anapeza Amosi akumvera wailesi ya pa intaneti. Woulutsa ankanena mawu awiri n'kuima, kachizindikiro n'kumazungulira, kenako mawu ena awiri.

"Intaneti yathu ndi imeneyi, bwana wa ku Mangalande," anatero Amosi. "Imakwera ngati thalakitala yodzaza masamba pa chitunda. Nkhani za m'mawa timazimaliza masana."

Analumikiza kompyuta ya Crispin ku waya wa foni n'kuyamba kukoka pulogalamu ina yoseweretsera nyimbo. Itatsala pang'ono kutha, manejala anatukula foni mu ofesi mwake, zonse n'kuduka. Anayambiranso. Dzuwa litapendeka pulogalamu ija inalowa, koma nayo inaikana fayiloyo. Anayesa kupempha chilolezo pa intaneti. Tsamba lake silinatseguke.

Apa m'pamene Crispin anamvetsa. Tsiku limene ankasamutsa mawuwo, pulogalamu inafunsa ngati akufuna kuwateteza, iye n'kuvomera, akuganiza kuti akusamala bambo ake. Fayilo inakiyidwa kuti izimveka pa kompyuta yakale yokha, imene anasamutsirapo mawuwo poyamba.

"Ndiye tumizani uthenga akutumizireni yakaleyo," anatero Amosi.

"Inafa. Ndinakaitaya."

Amosi anamuyang'ana, nthabwala zitamuthera.

"Aise, ndiye kuti mwawabweretsera amayi sutikesi yokiya."

Crispin atafika kunyumba anapeza a Keziya akusenda nandolo. Sanamufunse za ku ofesi. Nkhope yake inali itayankha kale.

"Ku Mangalande kuja unkawamvera bambo ako?"

"Ndinkawamvera, amayi." Zoona zake n'zakuti anawamvera tsiku losamutsa lija basi. Ankati adzamvera bwino akadzapeza mpata.

"Nkhope yawo ndimaikumbukira," anatero a Keziya, maso ali m'lichero. "Mawu ndi amene akundithawa. Ndikati ndiwamve m'mutu, ndimamva a abusa. Imba iweyo, poti unkawamvera. Paja pakhosi munafanana."

Crispin anakonza kukhosi. Kayimbidwe kake kanabwera, kotsika pang'onopang'ono monga ankatsitsira bambo ake chikwanje chisanagwe pa nthambi. Koma mawu a Chilomwe sanabwere. Anang'ung'udza mzere woyamba, n'kubwereza, n'kusiya.

Lestina, amene anaima pakhomo, anatsegula pakamwa kuti aponye mawu, koma anangotembenuka n'kulowa m'nyumba.

"Basi, mwananga," anatero a Keziya. "Tandipatsira mbaleyo."

Crispin anabwerera ku Mangalande mvula isanayambe. A Keziya anamwalira chaka chotsatira, mawu a amuna awo osawamvanso.