Gogo wa Zaka Ziwiri

Amuna anga, a Wendell Kilburn, atangopuma ntchito yoyenda ndi makalata, anayamba kufunafuna anthu akufa. Zaka makumi atatu anatumikira amoyo a m'tauni yathu ya Ashcombe, osasokoneza khomo ndi limodzi lomwe. Tsopano anafuna kudziwa komwe anagona makolo awo onse, kuyambira amene anatsika m'chombo kuno ku Massachusetts. Tebulo lathu lodyera linadzaza mapepala a wakuti anabala wakuti. Ine ndinkaika mbale pakati pa kalata ya ukwati ndi chikalata cha munda, ndipo popempherera chakudya ndinkaonjezera mumtima kuti Ambuye agwire msuzi usatayikire akufawo.

Sindikudandaula ayi. Amuna ena akapuma ntchito amayamba kuphunzitsa akazi awo kutsuka mbale.

Mwa makolo onsewo, amene anawalowa mumtima ndi Zenas Kilburn. Ameneyu anali mdikoni, anamanga chigayo choyamba cha madzi m'tauni muno, ndipo anabereka ana asanu ndi anayi amene mbumba yonse ya Kilburn inachokera. Mwala wa dzina lake uli kumanda akale kuseri kwa tchalitchi chathu. Ndi wa sileti, wopendekeka, pamwamba anajambulapo kankhope ka mapiko. Theka lake linamira m'dothi kalekale, ndipo mawu ooneka anali akuti apa pagona Zenas, mwana wa Josiah ndi Thankful Kilburn. Loweruka lililonse a Wendell ankapita kukazula udzu, nkumamufotokozera mdikoniyo za mtengo wa mafuta a galimoto.

Zenas yemweyo ndiye anawadanitsa ndi mlongo wawo wamkulu, a Marjorie. M'buku losindikiza la obadwa a m'tauni, a Wendell anapeza kuti Zenas anabadwa m'chaka cha 1731. Koma a Marjorie ndiwo amasunga Baibulo la banja, ndipo patsamba loyamba agogo ena akale analemba ndi dzanja lawo kuti 1736. Nkhaniyi inabuka patebulo tsiku la phwando lapachaka la Chiyamiko, nkhukundembo isanadulidwe nkomwe.

"Agogo amenewo maso anali atatha, achemwali," anatero a Wendell. "Buku la boma silinama."

"Iwe Wendell, ndinakusintha matewera ine. Lero ukundiphunzitsa kuwerenga Baibulo la amayi?"

"Sindikunena za Mawu, ndikunena za inki."

A Marjorie ananyamula keke yawo ya maungu yosadula nkubwerera nayo kwawo. Papita zaka zisanu ndi zinayi. Ine ndimaliza limba kutchalitchi, ndipo pamwamba pa limba pali kakalilole koti ndizionera abusa. M'kakalilole kameneko ndakhala ndikuwaona awiriwa Lamulungu lililonse, wina benchi ya kumanzere wina ya kumanja, onse akuimba za chikondi cha pa abale mokweza, makosi ali gwa.

Chaka chino a Wendell anaitana mbumba yonse kuti idzasonkhane pamanda a Zenas Loweruka lachitatu la Juni. Anayankha anthu makumi asanu ndi asanu ndi awiri, ena ochokera ku Ohio, ena mpaka ku Oregon. A Marjorie, amene nyumba yawo timaiona tikaima pakhonde pathu, anayankha kudzera kupositi. Analemba mzere umodzi: "Ndidzabwera tsiku limene udzaphunzire kuwerenga." Amuna anga anaseka, koma kalatayo anaipinda bwino nkuiika m'thumba la malaya. Ndinadziwa kuti pa alendo onsewo, amene ankamufunitsitsa ndi mmodzi yekhayo.

Lachinayi la sabata yomweyo m'mawa tinapita kukawongola mwala kuti alendo asadzaupeze wopendekeka. Anatithandiza a Dwight Pelletier, amene amatchetcha udzu kumandako ndipo anakumbira manda theka la anthu amene ndinawaimbira pa maliro. Ine ndinapatsidwa ntchito yonyamula kalilole wa kuchipinda kwathu. Zilembo zofufutika zimawerengeka bwino ukaziwalitsira dzuwa chammbali, ndiye kalilole ameneyu wayendera manda ambiri kuposa mmene waonera nkhope yanga.

A Dwight ali pafupi kuyamba kukumba, a Wendell anabwerera m'mbuyo nkupunthwa pa kamwala kena kamene kanangotulutsa mutu muudzu.

"Kamwala aka kadzandipha," anatero. "Sabata iliyonse!"

"Ndi ka kumiyendo ako, a Wendell," anatero a Dwight. "Akale ankaika mwala kumutu, wina kumiyendo." Anayeza ndi mpini wa fosholo kuchokera pa mwala waukulu kufika pa kakang'onoko, mpini nkutsalako. "Mdikoni wanuyu ankalowa bwanji m'chigayo? Ankachita kumunyamula?"

"Anthu akale anali aafupi."

"Eya, aafupi ndithu."

Anakumba mosamala mbali zonse, kenako awiriwo anaukoka mwala pang'onopang'ono mpaka unatuluka, nkuugoneka pa matabwa. A Wendell anagwada ndi chidebe cha madzi ndi bulashi yofewa. Kumunsi kumene kunali m'dothi zilembo zinali zakuthwa ngati zadzulo, moti kalilole wanga sanafunikenso. Komabe ndinamugwira, poti manja anafuna chogwira.

Mawuwo anati: anamwalira pa 9 Julayi 1733, ali ndi zaka ziwiri ndi miyezi inayi.

Mbalame ina inkalira mumtengo wa mapulo ngati ikudziwa kanthu.

"Ndiye kuti anakwatira msanga," anatero a Dwight. "Ana asanu ndi anayi, chigayo, udikoni, zonse asanasiye kuyamwa. Koma a Kilburn ndinu anthu olimbikira."

"Dwight, khala chete."

"Ine ndangosilira."

A Wendell anakhala pansi paudzu wonyowa, buluku lawo labwino lomwe lija. Anawerenganso ndi chala, chilembo chimodzichimodzi. Kenako anadzuka nkulunjika ku ofesi ya tauni, ine pambuyo ndi kalilole kukhwapa.

Mlembi wa tauni, mayi Sawicki, atamva nkhaniyo sanadabwe. Anatilowetsa m'chipinda cha chitseko chachitsulo, natulutsa buku lenileni loyamba, lachikopa, limene a Wendell anali asanalipemphepo chifukwa ankati losindikiza lija ndi loyera bwino.

"Osindikiza anakopera masamba a kutsogolo okha," anatero mayiwo. "Koma kale pepala linali losowa. Mlembi akadzaza tsamba la obadwa, ankatembenuza buku chadodolido nkuyambira kumbuyo, paliponse pamene papezeka malo. Tiyeni tione kwa ng'ombe."

Kumbuyoko kunali zizindikiro zimene mwini ng'ombe aliyense ankadula pakhutu la ziweto zake. Pakati pa ng'ombe za munthu wina ndi nkhumba za mnzake panali kamzere kopanikizika: Zenas, mwana wa Josiah Kilburn ndi mkazi wake Thankful, anabadwa pa 2 Epulo 1736.

"Zinkachitika kawirikawiri," anatero mayi Sawicki. "Mwana akamwalira, wobadwa pambuyo ankamupatsa dzina lomwelo kuti lisatayike. Mdikoni wanu ndi wachiwiriyu. Uja wa pamwala ndi mkulu wake."

"Nanga mdikoniyo anagona kuti?"

"Kuno ayi, zikuoneka. Mwina atakalamba anatsatira ana ake kumadzulo. Ambiri anatero."

Pobwerera kunyumba a Wendell ankayenda ngati anyamulanso chikwama cha makalata a Khirisimasi. Tinafika, ndinawaikira khofi ndi buledi, sanakhudze.

"Althea," anatero kenako, "dothi lija likadali pomwepo."

"Likadalipo."

"Mwala uja ukhoza kubwerera mmene unalili. Wakhala choncho zaka mazana awiri, palibe amene anadandaula. Dwight sangalankhule."

"A Dwight? Pofika madzulo ano amva mpaka agalu a kusitolo."

"Anthu akwera kale ndege, mayi. Ndikawauza chiyani? Kuti ndawaitanira khanda? Mawu oti ndikalankhule kumeneko ndinalemba masamba asanu ndi limodzi, ndipo tsamba loyamba likuti pano pagona mwamuna amene tonse tinatuluka m'chiuno mwake."

"Chiuno chake chinali chikadali m'thewera, bambo."

Anandiyang'ana mokwiya, koma ndinaona kuti akubisa kuseka. Ndinakhala nawo pafupi. Sindine mlaliki, ndipo zaka makumi anayi za ukwati zinandiphunzitsa kuti mwamuna amene wagwa safuna vesi nthawi yomweyo. Ndinangowauza zimene zinkandizungulira mumtima kuyambira kumanda kuja.

"Ine ndikuganiza za Thankful. Sileti sanali wa aliyense masiku amenewo, koma anamugulira mwanayo, nauza wosema alembe ndi miyezi inayi yomwe. Anaiwerenga miyezi imeneyo. Ndiye patapita zaka zitatu anayambanso kuitana dzina lomwelo pakhomo, m'mawa ndi madzulo. Inu mukufuna kukwiriranso mzere umene mayi ameneyo anafuna kuti uwerengedwe?"

A Wendell anatulutsa kalata ya a Marjorie m'thumba, naiyang'ana nthawi yaitali.

"Adzandiseka mpaka tsiku la chiweruzo."

"Adzakusekani ndithu. Koma zaka zisanu ndi zinayi zino sanakusekenipo, ndipo sindinaone kuti mwanenepa nazo."

Anavala chipewa. Ndinapita nawo, kunena zoona osati kukawalimbitsa mtima kokha, komanso kuti ndisaphonye.

Tinawapeza a Marjorie akupalira nyemba kuseri kwa nyumba, ndodo yawo atayedzeka pa mpanda. Anandilonjera ine ndekha.

"Alamu, mwaswera bwanji? Uyu mwamutola kuti?"

A Wendell anavula chipewa. "Achemwali, ndi 1736."

"Sindikumva bwino khutu ili. Bwera mbali iyi."

Anazungulira mzere wa nyemba. "Ndati ndi 1736. Agogo analemba zoona. Ine ndinalakwa."

"Alamu, mwamva inu? Mwina ndi mphepo."

"Ndamva, alamu. Mukafuna anenanso kachitatu."

"Ayi, asakomoke m'nyemba zanga."

Tinakhala pakhonde, a Wendell nkufotokoza zonse: kamwala ka kumiyendo, mzere wa m'dothi, tsamba la ng'ombe. A Marjorie anaseka mpaka kupukuta misozi ndi epuloni, makamaka atamva kuti mlongo wawo wakhala zaka zonsezi akudandaulira mwana wa zaka ziwiri za mtengo wa mafuta. Koma atamva za miyezi inayi ija, kuseka kunatha. Analowa m'nyumba nkubwera ndi Baibulo lija, lokulungidwa m'nsalu ya pilo. Anatsegula tsamba loyamba nayendetsa chala pa maina.

"Mulibemo," anatero. "Zenas ndi mmodzi yekha muno. Ndiye kuti nafenso kuno tinamuiwala. Ine ndinkanyadira kuti buku langa ndi lokwanira."

"Ndiye kuti tonse tinalakwa," anatero a Wendell mofulumira.

"Usathamange, iwe. Ine ndinasowa mwana mmodzi. Iwe unasandutsa khanda mdikoni."

Loweruka kunacha bwino. A Dwight anali ataimika mwala mowongoka, mzere wa zaka uli pamwamba pa udzu. Alendo anadzaza manda ndi mipando yopinda ndi makamera. A Wendell anasiya masamba asanu ndi limodzi aja kunyumba, naima ndi chipewa m'manja nkunena zoona zake m'mawu ochepa, makutu ali psuu. Anthu anayamba kuyang'anizana. Msuweni wina wamtali wa ku Oregon anakweza dzanja ngati ali m'kalasi.

"Pepani, amalume. Ndiye ife tawoloka dziko lonseli kudzaona manda a ndani?"

Amene anayankha ndi a Marjorie, ali pampando wa kutsogolo, Baibulo pamiyendo.

"A mkulu wake wa gogo wako, mwanawe. Mdikoni ali ndi zidzukulu zodzaza mabasi, kulikonse kumene wagona sasowa omukumbukira. Uyu alibe ndi mmodzi yemwe. Anangosiya dzina, mng'ono wake nkulivala, ife tonse nkutulukamo. Vula chipewa."

Anavula, ndipo amuna ena onse anatsatira. Ine ndinali nditakonzekera kutsogolera nyimbo ya wankhondo wokalamba amene wamaliza ulendo wake. Ndinaisiya, ndinayambitsa ija timaimbira ana pa ubatizo, ya Mbusa wonyamula ana a nkhosa. Ambiri ankaidziwa ndime yoyamba yokha, ndiye tinaibwereza kawiri.

Titatha, a Marjorie anatsegula Baibulo patsamba la maina, natulutsa cholembera m'chikwama nkupatsa mlongo wawo.

"Lemba iwe. Dzanja langa likunjenjemera masiku ano. Pamwamba pa mdikoni pali kampata."

A Wendell anagwada paudzu, buku lili pamiyendo ya mlongo wawo, nalemba pang'onopang'ono ndi zilembo zawo zoongoka za kupositi. A Marjorie anaweramira pafupi, magalasi ali pamphuno.

"Ndi miyezi inayi yomwe," anatero. "Ndipo uonetsetse chakacho. Ndikukuyang'ana."