Ba Hosea Afungatira Mazira

Ba Ndaona a ku Chawama sanali munthu wolira chisawawa. Ngakhale pa maliro a amayi awo, mu Julaye, misozi sinatsike; anatanganidwa ndi kulandira alendo mpaka manda anatsekedwa maso ali gwa. Koma mazira khumi ndi awiri amene anabwera nawo kuchokera ku Shimabala, amenewo ndiye ukangowayandikira unkawaona ukali wawo.

Anali mazira a nkhuku za malemuwo, za mtundu wa kameta, zija za khosi lopanda nthenga ngati zapita kometetsa. Gogoyo anaweta mtunduwo zaka makumi anayi pa kamunda kake pakati pa mafamu. Atangoikidwa m'manda, chitopa chinalowa m'khola n'kupulula zonse, tambala ndi misoti yomwe. Chotsala chinali mazira okhawo. Ba Ndaona anabwereka kamakina koswera mazira ku gulu la amayi a ku tchalitchi, n'kukaika pakona ya chipinda chochezera, pomwe kale pankakhala wailesi. M'mawa uliwonse ankadula tsiku pa kalendala. Nkhuku imaswa pa tsiku la makumi awiri ndi limodzi, ndipo Loweruka limene ndikunenali linali la khumi ndi chisanu ndi chinayi.

Kuzima kwa magetsi sikunali chachilendo ku Chawama. Kamakinako kanali ndi batire losunga kutentha maola angapo, ndiye atazima cha m'ma teni m'mawa, ba Ndaona sanatekeseke. Kunja kunali mphepo ija ya Ogasiti, yonyamula fumbi ndi mapepala, yogwedeza malata mpaka miyala ya padenga kumagubuduka. Anangotseka mawindo n'kupitiriza kuchapa.

Dzuwa litapendeka, ba Chisala, mayi wa Chibemba wa nyumba yoyandikana, anasuzumira pa mpanda foni ili m'manja. Ba Ndaona anthu ankawaitana ndi dzina la mwana wawo, Tiwo.

"Bana Tiwo, mwamvela? Malaiti sabwela lelo, olo mailo. Ati moto wapita mu mafamu ku Shimabala, wapyeleza mapolo, mphepo yagwetsa yasanu. Ati masiku yatatu."

Ba Ndaona anaumitsa manja m'chitenje, n'kuthamangira m'nyumba. Kanyali ka batire kanali katayamba kale kuphethira kofiira. Masiku atatu! Anapiye amene atsala pang'ono kuswa sapirira kuzizira ngakhale usiku umodzi.

Nthawi yomweyo pageti panamveka likhweru. Anali ba Hosea, amuna awo, munthu wa ku Petauke, kum'mawa kwa dziko, wonyamula matumba ku mafakitale a ku Heavy Industrial, wamimba yotsogola ngati yafulumira kukafika. Anali atalawirira mbandakucha kuti akaone kamunda ka apongozi. Anabwera nkhope ili mbuu ndi phulusa, nsidze zitawauka, m'manja muli mipani inayi ya mbewa zonona.

"Bamake Tiwo, onani vimene Mulungu watipasa! Makapuku yeka-yeka!"

Ba Ndaona anayang'ana mbewazo, anayang'ana nsidze zija, kenako ananunkhiza malaya. Utsi wokhawokha.

"Batate bake Tiwo, mbeba izi mwazigwila bwanji?"

Likhweru linathera pomwepo. Munthu wa kum'mawa akaona udzu wouma mu Ogasiti, mutu wake umaganiza chinthu chimodzi: kutentha tchire kuti mauna a mbewa aoneke. Ba Hosea anakanda m'khosi, nati iwo ndi anzawo awiri anangoyatsa kamoto kakang'ono kumapeto kwa munda, kolambula bwinobwino. Koma kamvuluvulu anangobwera n'kunyamula lawi kuliponya tsidya la msewu, ndipo anathamanga nalo ndi nthambi mpaka mpweya kuwathera.

"Kanali kang'ono chabe," anatero motsitsa mawu.

"Kang'ono! Chawama yonse ili mu mdima chifukwa cha ndiwo zanu!"

Ba Chisala pa mpanda paja anaseka mpaka kugwira m'nthiti. Abemba ndi anthu a kum'mawa ndi pachimbuya, amanyozana momwe angafunire popanda wokwiya, ndiye mwayi ngati uwu sakanautaya.

"Bashi Tiwo, mwaocha dziko lonse kufuna khoswe! Awe mwandi, imwe bantu!"

Masiku ena ba Hosea akanabweza kuti bwanji inu odya anyani, koma tsikuli anangotsatira ba Ndaona m'nyumba. Anaona akazi awo atagwada pa kamakina kaja, atagwira dzira limodzi patsaya kuti amve ngati likadali lofunda, ndipo manyazi anawagwira zenizeni. Apongozi aja ankawakonda, ankawasungira chiwindi nthawi zonse akapha nkhuku.

Anayesa mbaula, koma kutentha kwake kunali kosadalirika, mbali ina kuwotcha mbali ina kuzizira. Anayesa mabotolo a madzi ofunda, nawo ankapola msanga. Apo m'pamene ba Ndaona anakumbukira zimene amayi awo anachita chaka china vungo atagwira thadzi lofungatira: anamanga mazira pachifuwa ndi chitenje masiku awiri, mpaka anaswa. Koma iwo ba Ndaona anali owonda, ozizidwa manja nthawi zonse. Anatembenuka n'kuyang'ana mimba ija. Zaka makumi atatu akudandaula kuti munthuyu amatentha ngati mbaula pogona, lero ndiye kutenthako kunapeza ntchito.

"Vulani shati."

"Ine?"

"Walira mvula walira matope. Vulani."

Anakulunga dzira lililonse m'sokosi yakale, n'kuwandanda pamimba pa ba Hosea, mizere iwiri. Pamwamba anaika thonje, kenako chitenje chomanga kumsana, kenako bulangete. Anawakhazika pa mpando wa ndalema, n'kuwapatsa malamulo: osawerama, osatsokomola mwamphamvu, osaseka. Pogona, agone chokhala.

Lamlungu ba Hosea sanapite ku tchalitchi, koma tchalitchi ndi chimene chinabwera kwa iwo. Ba Chisala anali atafalitsa nkhani mpaka kumsika. Amayi a chigwirizano anadutsa ndi mayunifolomu awo kudzaona thadzi la ndevu. Anzawo a ku Heavy Industrial anaima pakhomo n'kumafunsa ngati awabweretsere gaga. Ba Chisala anafika ndi chimanga m'mbale, n'kuwaza pamapazi pawo uku akuitana ngati aitana nkhuku.

"Sekani chabe," anatero ba Hosea, nkhope ili nyomi. "Yakaswa, nizayenda ku Shimabala kukumba migodi ya mapolo. Ninaocha nine, nizakumba nine."

Anthu anaseka, koma mokoma mtima, pakuti magetsi ku Chawama amazima ngakhale popanda mbewa. Ndipo kunena zoona, nyumbayo inali isanadzazepo chotere chichitikire maliro. Ba Ndaona ankalowetsa dzanja pansi pa bulangete ola lililonse kuyesa kutentha, n'kumawamwetsa amuna awo tiyi ndi manja awo. Mbewa zija anakazinga okha, n'kumawadyetsa imodziimodzi. Ba Hosea anati chikwatirane sanasamalidwepo chonchi, ndipo akanadziwa akanayamba kale kufungatira. Anabwezedwa ndi diso lokha.

Lolemba m'mawa, tsiku la makumi awiri ndi limodzi, kunali zii. Dzuwa linakwera, mazira osagwedezeka. Ba Ndaona anasesa pabwalo posesedwa kale, anatsuka mbale zotsuka kale. Mumtima ankadziuza kuti mwina Loweruka lija anazizira nthawi yaitali, ndipo mtundu wa amayi awo wathera m'masokosi. Ba Hosea msana unkawawa ngati anyamula matumba a simenti tsiku lonse, koma sanadandaule ngakhale kamodzi.

Cha m'ma thuu masana anaitana monong'ona, ngati munthu woopa kudzutsa khanda.

"Bamake Tiwo. Bwelani. Pali kamene kanijompa."

Anamasula chitenje pang'onopang'ono. Sokosi imodzi inkagwedezeka, ndipo mkati munkamveka kulira kwakung'ono. Ba Ndaona anaivundukula. Chigoba chinali chitang'ambika pakati, kamutu konyowa katatuluka, ndipo pansi pa kamutuko panali kakhosi kofiira, kosalala, kopanda ndi kaubweya komwe.

Kameta.

Pofika madzulo anali ataswa asanu ndi anayi. Atatu sanaswe, ndipo ba Hosea anawakwirira okha kuseri kwa nyumba, mwaulemu. Anapiye amoyowo anawaika m'katoni pafupi ndi botolo la madzi ofunda, akulira onse pamodzi ngati msika wa Chawama.

Ba Ndaona anakhala pansi, miyendo atatambasula, n'kunyamula woyamba uja m'manja awiri. Anapinda lilime n'kuitana momwe amayi awo ankaitanira nkhuku m'mawa uliwonse ku Shimabala, kaitanidwe kamene iwo sanayesepo chikhalire. Mawu amene anatuluka anali a amayi awo enieni. Kamwanapiye kanatukula khosi lake lometa n'kuyankha.

Apo ndiye misozi ya Julaye inabwera yonse. Analira mokweza, kuitana amayi awo, mpaka ba Chisala analumpha ngalande kubwera, n'kukhala nawo pansi osanena nthabwala ngakhale imodzi. Ba Hosea anaima pambali, mimba ili pamtunda, tizigoba titamatirira pamchombo, akupukuta maso ndi sokosi.