Mipata Nayonso Imalipira

Mayi a Simbi analakwitsa kuwerenga ali maso, dzuwa lili pamutu, atakhala bwinobwino pampando mu ofesi yobwereketsa mabasi.

Dzinalo anawapatsa ndi anzawo a kwaya ya kutchalitchi, poti ankagwira ntchito yosita m'nyumba yochapira zovala kuseri kwa msika. Analinso msungichuma wa kwayayo. Sikuti ankadziwa masamu kuposa ena, koma sankayankhulayankhula, ndipo anthu amakhulupirira kuti munthu wotseka pakamwa amatsekanso chikwama.

Ulendo womwe ankakonzawo unali wokaimbira Aphunzitsi, amene anayambitsa kwayayo. Chidwalireni matenda ofa ziwalo, Aphunzitsi ankakhala kwa mwana wawo wamkazi m'tauni ina yakutali. Mwanayo anali ataimba foni Lamulungu lapitalo. Sananene zambiri. Anangoti ngati akufuna kuwaimbira iwo akumva, asachedwe.

Ofesi ya mabasi inali kachipinda ka zenera limodzi. Fani inkapukusa mutu pakona ngati munthu wokana mlandu. Pakhoma panali kalendala ya chithunzi cha basi yoyera ikukwera phiri lopanda fumbi. Kalaliki wake, mtsikana wobaya pensulo m'tsitsi, anawakokera mpando asanawafunse kanthu, ndipo anatembenuzira fani ija kwa iwo.

"Mulipo angati, mayi?"

"Makumi atatu."

Anayankha osaganiza, monga munthu ayankhira akamva dzina lake.

"Ndiye yaing'ono simukwana. Mutenga yaikulu," anatero kalaliki. Anafotokoza kuti mtengo umatengera kutalika kwa ulendo, mafuta, chakudya cha dalaivala, ndiponso maola amene basi yaima kudikira. Theka amalipiriratu, ndipo silibwezedwa. Mayi a Simbi ankamva zonsezo ngati mvula ya padenga la nyumba ya eni. Maso awo anali pa basi ya pakalendala ija. Anaiona ikuyenda pang'onopang'ono papepalapo, mazenera onse odzaza mitu yodziwika. Anatulutsa envulopu, nalipira.

Anadzazindikira ali kuntchito, simbi ili pakolala ya malaya a mwini wake. Nthunzi inakwera, ndipo m'nthunzimo anaona kwaya itaima monga imaimira. Anayamba kuwerenga nkhope. Amoyo anali khumi ndi anayi.

Aphunzitsi anali ndi lamulo limodzi lomwe sankalola kuti liphwanyidwe. Munthu akajomba, malo ake asatsekedwe. "Musatseke mpata," ankatero. "Khutu linazolowera. Mukasendera, mnzanu wa kumanja amva mawu achilendo, asokonekera." Poyamba inali mipata ya odwala chimfine ndi opita kumaliro. Kenaka ina inakhala ya anthu omwe sadzabweranso. Palibe anasendera. Aphunzitsi atachoka, kwaya inapitiriza kuima chimodzimodzi, motayana ngati mano a nkhalamba, ndipo aliyense akafunsidwa ankati alipo makumi atatu.

Mayi a Simbi anaimika simbi chagada, nanong'ona, "Ambuye, ndawerenga ndi akwanu omwe."

M'mawa mwake anabwerera ku ofesi kuja. Kalaliki anamvetsera mpaka kumapeto osaseka. Anati basi yaing'ono yatengedwa kale ndi anthu aukwati, ndipo ndalama ija bwana anailowetsa.

"Nanga titangolipira mipando imene tikhalepo?"

"Basi sitigulitsa mipando, mayi. Mumatenga yonse. Mipata nayonso imalipira." Mtsikanayo anazula pensulo m'tsitsi, naibwezeranso. "Yotsalayo amafuna Lachitatu. Ine ndilemba Lachisanu. Akafunsa ndidzati dzanja linaterereka."

Madzulo a tsikulo kunali kuphunzira nyimbo m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, momwe munkasungidwa mabenchi othyoka ndi ndowa zokolopera. Mayi a Simbi anaima pamalo pawo, mzere wachiwiri, mpata kumanzere kwawo, nanena zomwe zachitika. Anthu khumi ndi anayi, ambiri a iwo opuma pantchito, sakanatha kusenza mtengo wa basi yonse. Ndipo ndalama yoti akakwerere mabasi wamba ndi yomwe inali itapita ija.

Woyamba kuyankhula anali a Besi, bambo wosoka nsapato, wa mawu ngati mgolo wopanda kanthu.

"Ndiye mwati akufa mwawagulira malo, ife amoyo titsale?"

"Sindinachitire dala, bambo."

"Ayi, sindikudandaula. Kungoti anthu amenewo ali ndi mapiko. Basi ya chiyani?"

Ena anaseka, ena anayang'ana pansi. Mayi wina wa mawu oyamba, yemwe kale anali namwino, anati nkhani si yoseketsa, Aphunzitsi sadikira kuti anthu asonkhe kawiri.

"Auzeni eni mipandowo alipire okha," anatero a Besi. "Moyo wawo wonse ankazemba zosonkha. Makamaka malemu a Tena aja."

Anayesa kuimba koma nyimbo sinagwire. Mayi a Simbi ankangomva mphepo ya mumpata wa kumanzere kwawo. Pamenepo pankaima mnzawo wa pamtima, yemwe onse ankamutcha a Ndafika. Mayi ameneyo sanafikepo pa nthawi yake. Ankalowa nyimbo ili pakati, akupuma wefuwefu, n'kunena kuti "Ndafika," ngati anthu ankakayika. Poimba namonso ankalowa mochedwa pang'ono, kachidutswa chabe ka mpweya, ndipo Aphunzitsi ankakweza chala osatembenuka n'komwe.

Mawu a a Besi aja anali nthabwala, koma anawatsatira Mayi a Simbi mpaka kunyumba, nagona nawo, nadzuka nawo.

Mwana wa a Ndafika ankagwira ntchito m'sitolo ya zomangira, kumbali yosakaniza penti. Mayi a Simbi anamupeza atavala epuloni ya madontho a mitundu yonse, akutakasa chitini. Anali asanaonane chiikireni maliro.

"Azakhali, mwasowatu. Mukufuna penti?"

"Ayi, mwanawe." Anaima kaye, akuyang'ana utoto woyera ukumeza dontho la buluu. Panjira anali atakonza mawu abwino, koma onse anathawa. "Mpando wa amayi ako ulipo m'basi."

Mtsikanayo anasiya kutakasa. "Amayi anamwalira, azakhali."

"Ndikudziwa. Deresi lomaliza ndinawasitira ndine." Anaika chikwama chawo patebulo. "Tikupita kukaimbira Aphunzitsi Loweruka. Atandifunsa kuti tilipo angati, ndinawawerengera. Basi ndi yaikulu, ife ndife ochepa. Sindinabwere kudzapempha. Kapena ndabwera kudzapempha, kaya. Ndimafuna udziwe kuti ndinawawerengera."

Mtsikanayo anayambanso kutakasa, pang'onopang'ono, mpaka buluu uja anasowa, chitini chonse chinasanduka mtundu wa thambo la m'mawa.

"Ndi wa pazenera?"

"Ungakhale wa pazenera."

"Ankadwala akakhala pakati." Anapukuta manja pa epuloni, nalowa kuseri, nabwerako atafumbata kanthu. Anakaika m'chikwama cha Mayi a Simbi yekha, natseka zipi. "Ndibwera ndidzakhalepo. Koma kuimba ndiye musandiyembekezere. Ine ndine khwangwala."

Mayi a Simbi sanapite kwa wina aliyense. Nkhani inayenda yokha. Namwino uja, yemwe anakalipa, ndi amene anakauza mwamuna wamasiye wa mnzake. Mwamunayo anauza ana a wina. Pofika Lachinayi anthu ankabwera kunyumba yochapira kuja, n'kuima pakhomo pakati pa mashiti oyanika, ena osadziwa n'komwe kuti afunse bwanji. "Akuti pali mpando wa bambo athu?" Wina anabwera ndi mpango wa amayi ake, kufunsa ngati angaubweretse. Wina analipira koma anati sangathe kupita, angomusiyira malowo opanda munthu.

Womaliza anali a Besi. Anabwera ngati odutsa, atanyamula nsapato za Mayi a Simbi zomwe anazitenga mwezi wathawo n'kuziiwala. Mkati mwa nsapato yakumanzere munali ndalama yopindapinda.

"Ya a Tena," anatero akuyang'ana kudenga. "Analibe mwana munthu uja. Komanso ndikufuna akamve yekha kuti amene ankaphonya sindinali ine."

Lachisanu kalaliki analandira envulopu, nawerenga, nati, "Mipata yalipira." Ndipo anawaperekeza mpaka pakhomo.

Basi inafika pabwalo la tchalitchi Loweruka m'mawa. Sinali yoyera ngati ya pakalendala, inali yotuwa, ya mipando ya nsalu yofiirira yothetheka m'makona. Dalaivala, bambo wa imvi m'ndevu, ataona miyendo ya okwerawo anatulutsa kabokosi kathabwa, nakaika pansi pa chitseko kuti sitepe ifupike. Palibe anamupempha.

Palibenso ananena za kakhalidwe, koma anthu anakhala monga amaimira: mawu oyamba kutsogolo, achiwiri pambuyo pawo, amuna kumbuyo. Alendo aja ankalozeredwa malo. "Amayi anu apa." "Bambo ako ankaima pambali pa ine, bwera." Mpando wa a Tena unakhala wopanda munthu, ndipo a Besi anaikapo chipewa chawo.

Nthawi yonyamuka inakwana, mpando wa pazenera kumanzere kwa Mayi a Simbi udakali wopanda munthu. Iwo anakumbukira za maola odikira aja. Dalaivala anawayang'ana pagalasi. Kenaka anatsika, nayamba kupukuta magalasi omwe anali oyera kale. Anazungulira basi akumenya tayala lililonse ndi phazi, mosafulumira, ngati akupereka moni kwa achibale. Ali pa tayala lomaliza, kunamveka mapazi othamanga.

Mtsikana uja anakwera akupuma wefuwefu, penti ya buluu idakali pachigongono.

"Ndafika," anatero.

Namwino uja anagwira pakamwa. Ndiye a Besi anayankha kuchokera kumbuyo, "Taona, mayi. Khalani pansi." Anthu anaseka mpaka ena kupukuta m'maso, mtsikanayo osadziwa chomwe wanena.

Ulendowo Mayi a Simbi sanaugwire bwino m'mutu. Nyumba zinatha, minda inayamba, mitengo inkabwera n'kubwerera m'mbuyo ngati anthu odzazonda. Dzuwa linkalowa pazenera n'kuyala chigamba chofunda pamiyendo pawo. Anasinza, nadzuka, nasinzanso. Nthawi ina anaona ngati m'basimo mwadzaza kuposa mipando, anthu ataima mukanjira atagwira zitsulo, osagwedezeka basi ikakhota. Sanachite mantha. Anangosendeza chikwama kuti wina adutse. Atatsegula maso anapeza mutu wa mtsikana uja uli paphewa pawo, ndipo anakhala osasuntha mpaka dzanja linachita dzanzi.

Aphunzitsi anawapeza pakhonde, pampando wa matayala, bulangete pamiyendo. Anali atachepa ngati mwana. Maso anali otseka, ndipo mwana wawo ananong'ona kuti masiku ano satsegula kawirikawiri, koma akumva.

Kwaya inaima pabwalo, pansi pa chingwe choyanikira zovala. Alendo aja anafuna kuima pambali, koma namwino anawakoka mmodzimmodzi, kuwaika m'mipata. "Simuimba ayi. Mungoima."

Anayamba ndi nyimbo imene Aphunzitsi anapeka okha kalekale, ya munthu wopempha Mulungu kuti amusiyire chitseko chosatseka. Mawu oyamba anatsogola, opyapyala, onjenjemera. Amuna anawayalira pansi. Pamene mawu achiwiri amalowa, Mayi a Simbi anakoka mpweya nalowa. Ndipo kumanzere kwawo, patapita kachidutswa chabe ka mpweya, kunalowa mawu ena. Anali aang'ono, amanyazi, a munthu amene nyimboyo anaimva ali kumsana, naimvanso pochapa mbale zaka zonse za ubwana wake, osadziwa kuti anaisunga.

Dzanja lamoyo la Aphunzitsi linasuntha pabulangete. Chala chinakwera.

Nyimbo inaima yokha, monga inkaimira kale.

Milomo ya Aphunzitsi inavutika kaye. Mwana wawo anawerama kuti amve, koma mawuwo anatuluka omveka kwa onse.

"Mwachedwa," anatero Aphunzitsi, maso ali chitsekere, mbali imodzi ya nkhope ikumwetulira. "Tiyambirenso."

Mtsikana uja anagwira dzanja la Mayi a Simbi, nalifinya. Iwo anakumbukira kuti basi ikudikira ndipo maola akuwerengedwa, natembenuka kuyang'ana kumsewu. M'basimo munalibe munthu. Dalaivala anali ataima mzere wakumbuyo, pambali pa a Besi, mumpata wa a Tena, kapusi ili m'manja. A Besi anamusendeza pang'ono ndi chigongono kuti aime malo ake enieni.

Mayi a Simbi anatembenukiranso kutsogolo, nakoka mpweya.