Dzina Langa pa Jipi Yachiwiri

A Takyo, amuna anga, anasiya uphunzitsi chaka chimene ndinabereka mwana wachitatu. Anabwera masana ena choko chidakali m'zikhadabo n'kundiuza kuti agula jipi, imodzi mwa zija anasiya asilikali a ku Amereka nkhondo itatha. Ine ndinali kupeta mpunga. Sindinatsutse, chifukwa malipiro a kusukulu ankatha mwezi usanafike pakati.

Anaitalikitsa kumbuyo, anaikamo mabenchi awiri ndi denga la malata, kenako anaitumiza kwa Mang Doro wopenta kuti akalembe dzina, poti galimoto yopanda dzina palibe angaikwere. Itabwerako, pamphumi pake panali PERPETUA, zilembo zofiira, chilichonse chachikulu ngati chikhatho changa.

Perpetua anali mkazi wawo woyamba. Anamwalira nkhondo ili mkati, n'kusiya ana awiri amene ndinawapeza ali ndi nsabwe ndipo ndinawalera ndine. Sindinamuonepo. Chithunzi chake ndinali nditachichotsa kale pakhoma mwakachetechete n'kuchibisa m'bokosi la zovala. Tsopano wakufa uja anadzuka ali ndi matayala anayi ndi hutala.

Tauni yonse inayamba kumutchula. Kumsika, "Perpetua wadutsa kale?" Pakhomo la tchalitchi, "Tidikire Perpetua, dzuwali lanyanya." Ngakhale ana otuluka m'mimba mwangamu ankathamangira kumsewu akufuula kuti Perpetua wafika. Ine ndinkachapa nsalu za pamabenchi ake, zonunkha nsomba zouma ndi zitosi za nkhuku. Lamlungu tikachoka ku Misa, a Takyo ankavula malaya n'kumamutsuka mpaka kunsi. Ankamulankhula. Ndinamva ndi makutu angawa: "Pirira mayi, msewu uja aukonza chaka chino." Ine msana ukandipweteka ankangoti ndiwiritse jinja.

Malonda anayenda, zimenezo sindingakane. Ankanyamuka pa nthawi yake ngati belu la kusukulu, adzaze asadzaze, ndipo anthu a kumidzi anawakonda chifukwa cha zimenezo. Onse ankawatchulabe Aphunzitsi. Patatha zaka zitatu anagula jipi yachiwiri.

Sindinafunse kanthu. Ndinangosoka diresi latsopano la tsiku lodalitsa jipiyo. Koma masiku atayandikira osandiuza chilichonse za dzina lake, mtima unayamba kundisowetsa mtendere. Lachinayi ndinakulunga chikondamoyo cha mpunga m'tsamba la nthochi n'kupita kwa Mang Doro.

"Aling Luming! Mwasochera? Kuno sitigulitsa nsomba."

"Ndabwera kudzaona dzina."

"Aa, dzina salionera panjira wansembe asanadalitse. Mukudziwa inu. Komanso sindinalembe."

"Mang Doro, ndasiya mwana akulira ndi mphika pamoto. Pepala lili kuti?"

Anayang'ana chikondamoyo, anayang'ana ine, n'kusolola pepala m'chipewa. Linali dzanja la amuna anga, zilembo zoongoka zija za pabolodi. PERPETUA II.

"Ndi mmene amachitira a mabasi akuluakulu kulikulu ku Manila," anatero msangamsanga. "Dzina limodzi, amangosintha nambala. Ndi malonda mayi, si chikondi ayi."

"Lembani langa."

"Mayo! Aphunzitsi andipha."

"Aphunzitsi sanaphepo ngakhale nkhuku, ndimawaphera ndine. Muziopa ine."

"Nanga akandifunsa?"

"Mudzati ndinakhala pa chitini chanu cha penti osachoka. Simudzakhala mukunama."

Ndinakhaladi pachitinipo. Anapita kukadya, anabwera, anandipeza. Anasuta ndudu ziwiri. Kenako anatukwana pang'onopang'ono, anapempha kuti ndidzuke atengeko penti, n'kulemba ILUMINADA, dzina langa lonse. Ndinadikira mpaka anaphimba ndi nsalu n'kumanga zingwe. Ndinkadziwa chimene ndikuchita: dzina likangothiridwa madzi odalitsa, palibe angalifafanize, chifukwa amati galimotoyo imagwa.

Loweruka m'mawa jipi inaima pabwalo la tchalitchi itavekedwa maluwa. Anthu anali atadontheza kale magazi a tambala woyera pa matayala, wansembe asanatuluke kuti asaone. Woti avundukule nsalu anali Nana Sepa, mayi ake a Perpetua. A Takyo anakawatenga okha kumudzi, ndipo mayiwo anabwera atavala bulauzi yawo ya paukwati, misozi ili m'maso nsalu asanaigwire n'komwe.

Wansembe anali wofulumira, ankadikiridwa kumaliro. Nana Sepa akukoka chingwe, iye n'kuti akuwaza kale madzi. Nsalu inagwa, madontho akutsetsereka pa dzina langa.

Anthu anawerenga dzinalo. Kenako wogulitsa ayezi anafuula kumbuyo, "Ehe! Aphunzitsi akumbukira amoyo!" Ena anaseka, ena anawomba m'manja. A Takyo anandiyang'ana mmene ankayang'anira mwana wobera mayeso. Nana Sepa sankadziwa kuwerenga, koma dzina la mwana wawo ankalidziwa maonekedwe ake. Anayang'anitsitsa zilembozo nthawi yaitali, anapinda nsalu ija bwinobwino n'kundipatsa.

"Uchape, mwana wanga," anatero. "Pa zochapa ndiwe katswiri."

Ndinailandira. Sizinandipweteke tsiku limenelo. Ndinakwera kutsogolo, diresi langa latsopano, tikuzungulira msika katatu hutala ikulira, azimayi akuloza. Lamlungu lonse jipi inaima pakhomo ndipo ndinkapeza zifukwa zotulukira panja.

Lolemba kunabwera bambo wina wa ndevu wochokera kutauni yaikulu, dzina lake Berting. A Takyo anamupatsa kiyi, anamuonetsa mothira mafuta, ndipo munthuyo anakwera n'kupita nayo. Ndinadikira mpaka chakudya cha masana, ana atatuluka.

"Aphunzitsi, jipi yatsopano mwapatsa mlendo?"

"Iziyenda msewu wa kugombe. Izigona komweko."

"Ndiye pitani nayo inuyo. Yakaleyo mum'patse wandevuyo."

"Anthu a kuno anandizolowera."

"Ndikufunseni bwinobwino. Pakanalembedwa lija munafuna, ikanapita kugombe?"

Anachotsa minga mu nsomba yawo pang'onopang'ono, ngati akuchonga makope.

"Ikanayenda konkuno. Ina ikukwera kumidzi, ina ikutsika. Amayi a kumidzi aja amaima pamsewu kudikira dzina limene amalidziwa, Luming. Ina iliyonse amangoiyang'ana ikudutsa. Dzina latsopano likayambe kwa anthu atsopano."

"Mukundilanga."

"Ndikuchita malonda."

"Pakamwa pokha. Mukanandifunsa, mukanafa?"

"Iwe unandifunsa?"

Ndinawachotsera mbale asanamalize. Sanadandaule. Anasamba m'manja, anavala chipewa, ndipo patangopita kanthawi ndinamva Perpetua akuliza hutala pakona ya msika, pa nthawi yake.

Papita zaka zisanu ndi chimodzi. Jipi ya dzina langa ndaiona kawiri, ulendo wina ikubwera kudzasintha matayala, wina pamaliro a Nana Sepa itanyamula abale a kugombe. Penti inasuwa ndi mphepo ya mchere, koma dzina likuwerengeka. A Takyo ali ndi magalimoto asanu tsopano. Atatu otsatirawo ndi Perpetua II, III ndi IV, ndipo a Takyo amakaima okha kwa Mang Doro mpaka penti itauma.

Ndimagulitsa mazira pakhonde. Nthawi zina amabwera anthu a kugombe, akamva dzina langa amasangalala ngati apeza m'bale. Amati Iluminada ndi yolimba, imanyamula nkhumba, mchere, matumba a mpunga mpaka padenga, ndipo sinawagonekepo panjira. Ndimawayankha kuti zimenezo ndikuzidziwa, kenako ndimawafunsa ngati akugula mazira kapena angobwera kudzacheza.