Bambo Akapita, Mayi Adzagona Kuti?

Bambo atatuluka m'chipatala anabwera ndi zinthu ziwiri: botolo la mapiritsi a kuthamanga kwa magazi ndi nzeru yatsopano yomwe anaitola pabenchi podikira dokotala. Mapiritsiwo sanavute munthu. Nzeruyo ndi imene inatsala pang'ono kutulutsa mayi m'nyumba.

Anatiitana Loweruka masana, ine ndi mchimwene wanga. Mchimwene wangayu amakonza mafoni kumsika, ndipo poti palibe chimene sachidziwa, timangomutcha Injiniya. Mayi anali pakona ya balaza pafupi ndi windo, pomwe pamakhala mashini awo osokera, akupinda siketi ya kasitomala. Ndi mayi otipeza. Anakwatiwa ndi bambo ife tili aang'ono, mayi athu otibereka atamwalira. Sanaberekemo mwana m'nyumbamo, koma mayunifolomu athu onse anatuluka pa mashini amenewo.

"Ndaganiza," anatero bambo akusisita bondo. "Nyumba ino ndiilembetsa m'maina anu awirinu panopa, ndili moyo. Koma ine ndikhala momwemuno mpaka tsiku londinyamula. Mnzanga wa pabenchi uja anachita zomwezi ndi yake. Akuti ukatero, ukafa sipakhala zokokanakokana."

"Ndiye kuti nyumbayi ndi yathu?" anafunsa Injiniya.

"Ndi yanu."

"Inuyo mulibenso nyumba?" ndinafunsa ine.

"Ndili nayo. Ndi yanga."

"Bambo, mwangonena kumene kuti ndi yathu."

"Eya, ndi yanu, koma ndi yanga."

Bambo anayendetsa basi moyo wawo wonse osasochera, koma apa ankaoneka kuti njirayo nawonso anangoimva kwa anthu. Mashini a mayi anasiya kulira pang'ono, kenako anayambiranso. Tinabalalika aliyense atamva zakezake.

Zimene anamva Injiniya tinaziona Lolemba. Ndinadutsa kwa bambo pochokera kuntchito ndipo ndinamupeza pabalaza ndi tepi yoyezera, pensulo ili kukhutu. Ankayeza pakona pa mayi pomwepo.

"Windo ili layang'ana kumsewu," anandiuza mokondwa. "Ndikaboola apa n'kuika kauntala, mafoni azibwera okha. Osati panopa ayi, m'tsogolo. Mayi, tagwirani nsongayi pakhomapo."

Mayi anaimika mashini, nagwira nsonga ya tepiyo pakhoma mpaka iye atamaliza kulemba. Ine zinandiwawa, koma sindinadziwe chomuletsera. Si paja nyumbayo akuti ndi yathu?

Mlungu usanathe ndinaona kuti alumali ya ulusi yayera mbee. Ndinapita kuchipinda kukatenga mapiritsi a bambo ndipo phazi langa linagunda katoni pansi pa bedi. Analipo angapo, omanga bwinobwino ndi zingwe za nsalu. Ndinawapeza mayi kukhitchini.

"Mayi, makatoni aja ndi a chiyani?"

"Ndangoti ndiyambiretu, mwana wanga. Munthu sulongedza bwino uli ndi misozi m'maso."

"Akuthamangitsani ndani?"

"Palibe. Koma ndinamvetsera bwino tsiku lija. Bambo ako anati iwowo akhala mpaka tsiku lowanyamula. Ine sananditchule. Akadzawanyamula, ine ndidzakhala mlendo wa ndani?"

Mtima unandiwawa kwambiri, ndipo ndinachita mantha kuti mwina akunena zoona.

Bambo atamva za makatoniwo anapsa mtima. "Mkazi wanga achoke muno? Amuchotse ndani, ana anga omwewa?" Anamuitana Injiniya n'kumukalipira chifukwa cha tepi ija. Injiniya anadabwa. "Inu munati nyumba ndi yathu. Ndiye ndalakwa kuyeza khoma langa lomwe?" Bambo anati khomalo si lake. Iye anati ndiye ndi la ndani. Tinabwerera pomwe tinayambira paja.

Phokosolo linafika kuseri kwa mpanda, kwa mayi wina wachikulire amene anapuma pantchito ya uphunzitsi. Tonse timawatcha Aphunzitsi. Anasuzumira pampanda atatsamira ndodo yawo.

"Pepani, makutu alibe chitseko," anatero. "Zimene mukukambazo ine ndinachita kale ndi ana anga atatu."

"Ndiye tiuzeni," anatero bambo. "N'zabwino kapena n'zoipa?"

"N'zabwino. Palibe angandichotse m'nyumba mwanga."

Bambo anatiyang'ana ngati wopambana mlandu.

"Komanso nanenso sindingadzichotse," anapitiriza Aphunzitsi. "Mawondo awa akana masitepe a pakhomo panga. Ndinkafuna ndigulitse, ndigule kanyumba kakang'ono pafupi ndi chipatala. Ana awiri anavomera, wachitatu wakana kusaina. Basi, ndili pomwepo. Denga nalo likudontha. Ana akuti konzani ndinu, mumagonamo ndinu. Ine ndikuti konzani ndinu, nyumba ndi yanu. Pakadali pano amene akukonza ndi beseni."

"Ndiye n'zoipa," ndinatero.

"Sindinanene choncho. Ine mutu wanga unaima kalekale. Pitani ku ofesi ya uphungu wa zamalamulo musanasaine chilichonse. Safunsa anadya phula, ndipo ine phulalo ndinalidya ndi supuni."

Tinapitadi tonse anayi. Mayi ankakana, ati nkhani ya nyumba si yawo, koma ndinawagwira dzanja. Ofesiyo inali kachipinda ka tebulo limodzi ndi mipando yosafanana. Mlangizi wake anali mayi wa magalasi, wolankhula modekha. Bambo anafotokoza, Injiniya anawonjezera, ine ndinakonza, mpaka nkhaniyo inasokonekera kuposa mmene tinabwera nayo.

"Chabwino," anatero mlangiziyo. "Zimene bambo akufunazi zilipodi. Mwini nyumba amapereka nyumba kwa ana, koma amadzisungira ufulu wokhalamo moyo wake wonse. Chimene chakusokonezani n'chakuti mukuganiza ngati mukugawana zipinda. Apa simugawana zipinda, mukugawana nthawi. Achimwene, tandibwerekani tepi ili m'chiunoyo."

Anaitambasula patebulo n'kuika chala pakati. "Kuchokera koyambira kufika pa chala changa ndi moyo wa bambo. Nthawi yonseyi nyumba amakhalamo ndi iwo, ndipo inu achimwene simungaboole khoma ngakhale kukhomapo msomali iwo asanalole. Kuchokera pa chala changa kupita kutsogolo, nyumba ndi ya ana, yonse. Mwamva?"

"Apo ndiye ndamva," anatero bambo akumwetulira. "Ndi zimene ndinkanena zija."

"Tsopano ndionetseni," anatero mlangiziyo. "Mayiwa ali pati pa tepiyi?"

Bambo anawerama. Anayendetsa chala chawo kuchokera koyambira mpaka chinagunda chala cha mlangizi, n'kuima pomwepo.

"Ana anga sangamuthamangitse," anatero bambo, koma mawu anali atachepa.

"Ndikukhulupirira. Koma gawo la mwana ndi katundu wake. Atagwa m'ngongole, omukongoza atha kuligwira. Atatsogola iyeyo, gawolo lipita kwa olowa m'malo mwake, anthu amene mwina mayiwa sanawasokereko ngakhale batani. Malamulo a malo ena amateteza mkazi wamasiye, koma amasiyanasiyana, ndipo ngati nyumba inachoka kale m'dzina la mwamuna, chitetezocho chimatha kuvuta. Si nkhani yoisiya pa kukoma mtima kwa anthu."

Injiniya anayang'ana tepi yake, kenako mayi, kenako pansi.

"Nanga ndikasaina, mawa n'kusintha maganizo?" anafunsa bambo.

"Nokha simungabweze. Mufunika ana onse avomere ndi kusaina. Kugulitsa nyumba yonse n'chimodzimodzi. Madzi akatayika saoleka."

"Ndiye mnzanga wa pabenchi anandinamiza?"

"Ayi. Kwa iyeyo mwina zinamuyenera. Munthu amene watsimikiza kuti sadzasamuka, alibe wina womusiya m'nyumba, ndipo ana ake amagwirizana, njira imeneyi imamuthandiza, chifukwa nyumba imapita kwa ana mosavuta. Koma nsapato ya mnzanu musamaigule osayesa. Inu muli ndi njira ziwiri. Mutha kuchita zomwe munaganizazi, koma n'kulemba kuti ufulu wokhalamo ndi wa nonse awiri, mpaka womaliza atapita. Kapena musiye nyumba m'dzina lanu, mulembe wilo yonena kuti mukadzamwalira mkazi wanu adzakhalamo moyo wake wonse, kenako nyumba idzapite kwa ana. Wilo imatenga kanthawi kuti itsatidwe munthu akamwalira, koma mutha kuisintha nthawi iliyonse muli moyo."

"Za denga musaiwale," ndinatero, nditakumbukira beseni la Aphunzitsi.

"Mwachita bwino. Kawirikawiri wokhalamo ndi amene amasamala nyumba ndi kulipira msonkho wake, koma zokonza zikuluzikulu zimayambanitsa anthu. Gwirizanani lero, zilembedwe."

Bambo anatembenukira kwa mayi, zomwe sanachite tsiku la msonkhano lija.

"Inu mukuti bwanji?"

"Ine ndingofuna ndidziwe ngati ndimasule makatoni," anatero mayi.

Bambo anavula chipewa n'kuchiika pabondo. "Ndinkangoganiza za tsiku langa lomwalira," anatero. "Za tsiku lotsatira lake sindinaganizeko."

Anasankha wilo. Anati mawondo awonso si a mnyamata, ndipo safuna kudzapempha chilolezo kwa ana tsiku lomwe angafune kanyumba kopanda masitepe. Mlangizi anatitumiza kwa loya, amene analemba zonse momveka: mayi adzakhala m'nyumbamo moyo wawo wonse, zokonza zing'onozing'ono ndi zawo, denga ndi makoma ndi za ine ndi Injiniya. Loyayo anatiwerengera mokweza tonse tili pomwepo, ndipo aka kanali koyamba kuti anthu anayi timve chinthu chimodzi.

Loweruka lotsatira ndinamupezanso Injiniya pakona paja ndi tepi yake, ndipo ndinaopa kuti wayambiranso za kauntala zija. Koma ulendo uno ankayeza pokhoma alumali yatsopano ya ulusi, yaitali kuposa yakale ija. Mayi anali atakhala pansi akumasula zingwe za makatoni.

"Yakhota," anamuuza osadzutsa n'komwe mutu.

"Mayi, ine ndi Injiniya."

"Eya, koma yakhota."

Anaichotsa n'kuyambiranso.

Kwa inu amene mukuganiza zopereka nyumba kwa ana n'kudzisungira ufulu wokhalamo, phunziro lathu ndi ili. Njira imeneyi si yoipa, koma si ya aliyense, ndipo mukasaina simungaibweze nokha. Musanasaine, khalani pansi ndi onse okhudzidwa, mupite nawo kwa wodziwa malamulo a kwanuko. Mufunse ngati mudzathe kugulitsa mukafuna kusamuka, komanso kuti denga likadontha adzakonza ndani. Koposa zonse, werengani anthu amene amagona m'nyumbamo, ndipo mufunse za aliyense kuti inu mukadzapita, iye adzagona kuti. Musadikire kuti mugunde katoni pansi pa bedi.