Phale la Batani

Ku Tiumbe, malo ophunzitsira kuumba omwe bungwe lina lachifundo linamanga kuseri kwa msika wa Sharpevale, aphunzitsi a Gibson anali ndi lamulo limodzi losanyengerera. Chinthu chilichonse chisanalowe mu uvuni ankayamba achigunditsa patsaya lawo. Chikamveka chinyontho, chinkabwerera pashelefu kuti chikaume. Amayi ankawanena kuti amasisita miphika kuposa akazi awo, koma lamulolo ankalimvera.

Amene analiphwanya ndi Veronica, mayi wamasiye amene anali adakali m'zovala zakuda. Analowa Tiumbe pothawa kukhala yekhayekha pakhomo. Tsono anaumba kamphika ka maluwa, koyamba kutuluka kowongoka m'manja mwake, ndipo mtima wake wonse unali woti kakaoneke pa chionetsero cha ku Lilongwe. A Gibson atakagunditsa patsaya anapukusa mutu.

"Kadikire ulendo wina, mayi. Kakadali kakawisi."

Iwo atapita kukalandira ngolo ya nkhuni, Veronica anakalowetsa mu uvuni n'kukabisa kuseri kwa mitsuko ikuluikulu ya Sellina, mnzake wokhala naye benchi imodzi.

Moto utakolera, m'katimo munamveka kuphulika. Uvuni utazirala n'kutsegulidwa, zinthu za ena onse zinatuluka bwinobwino, koma mitsuko ya Sellina inali mapale okhaokha. Kamphika kaja kanali katanyenyeka, moti palibe anakazindikira. A Gibson anati chinyezi chinali chitabisala penapake, n'kudziimba mlandu okha kuti mwina tsaya lawo lakalamba. Amayi anavomera ndi mitu, koma amayi a kuno kuvomera ndi mutu sikutanthauza kuti nkhani yatha.

Akusesa mapale, mantha anamuyankhulitsa Veronica. "Kwathu ku Mlangeni akuluakulu ankati mbiya ikaphulika pamoto, ndiye kuti mwini wake..." Sanamalize, ndipo panalibenso chifukwa chomalizira. Aliyense ankadziwa mwambo wake: wowotcha mbiya asagone ndi mwamuna masiku amenewo, apo ayi mbiya zake zimasweka. Aliyense ankadziwanso kuti a Gracian, amuna a Sellina, ali ku Joni ndipo papita nthawi yaitali asanabwere.

Mawu aja anayenda okha. Anadutsa pachigayo, anakwera kabaza, anakafika kwa apongozi ake a Sellina, ndipo kuchokera kumeneko analowa m'foni mpaka ku Joni. A Gracian anasiya kuimba. Kenako kunamveka kuti ankhoswe a mbali zonse aitanidwa Loweruka, ndipo nkhani yake ndi ya kutha kwa banja.

Veronica manyazi anamugwira. Akamuona Sellina akubwera ankayamba kufunafuna chinthu m'chikwama chopanda kanthu. Dongo lenilenilo linasiya kumumvera. Ankadziuza kuti anthu aiwala, koma ankadziwa kuti akudzinamiza.

Lachisanu anapezeka awiriwiri kumpopi wa Tiumbe akutsuka mabeseni. Sellina anamasula mfundo ya chitenje chake n'kutulutsa kaphale kakang'ono.

"Tengani ichi, amake Sungani. Ndatopa nacho kuyenda nacho."

Kanali ka pansi pa mphika. A Gibson ankafuna kuti aliyense azidinda chizindikiro chake pansi pa zoumba zake, ndipo Veronica ankadinda ndi batani la jekete ya malemu amuna ake, ija anabwera nayo kumigodi. Batanilo linkaoneka bwinobwino paphalepo, ndi timabowo take tomwe.

"Munachipeza liti?" anafunsa Veronica.

"Tsiku lomwelo. Chinali m'kati mwa mtsuko wanga."

"Nanga bwanji simunanene?"

Sellina anakhuthula madzi a m'beseni. "Ndikanena kuti chinaphulika ndi chanu, mukuganiza kuti anthu akanati chinali chachiwisi? Inu simunavule n'zakuda zomwe. Akanati amuna anu sanaole n'komwe, inu mwayamba kale. Ine mwamuna wanga ndi wamoyo, angathe kundifunsa ndikamuyankha. Inu mukanayankha ndani?"

Ananyamula mabeseni ake n'kumapita. Akanamutukwana bwenzi zili bwinoko. Veronica anatsala pampopi madzi akusefukira, manyazi atamufika mpaka kumapazi.

Loweruka m'mawa anakwera kabaza wa ku Kasinje, kwa apongozi a Sellina. Anapeza anthu atakhala kale pansi pa mtengo wa mango, amuna pamipando, akazi pamphasa. Foni inali pampando pakati, a Gracian akumvetsera ali ku Joni. Sellina anali atakhala payekha, maso pansi. Atamuona Veronica anapukusa mutu pang'ono, kumuletsa.

Veronica anagwada chapatali n'kuwomba m'manja.

"Pepani akuluakulu, ndalowerera nkhani ya eni. Ine ndimaumba limodzi ndi a Sellina."

"Yankhulani, mayi," anatero nkhoswe ya kuchimuna.

Veronica anayenda chogwada n'kuika phale lija pamphasa. "Chimene chinaphulika mu uvuni si mtsuko wa a Sellina. Ndi kamphika kanga aka. Aphunzitsi anakakana kuti n'kakawisi, ine ndinakalowetsa mobisa. Ndiko kanaswa mitsuko yawo. Za mwambo zija ndinayambitsanso ndine, pofuna kudzibisa."

Kenako foni inakhosomola. "Amake mwana, zimenezi n'zoona?" anafunsa a Gracian.

"N'zoona," anayankha Sellina, osadzutsa mutu.

Apongozi anatola phalelo, n'kulitembenuza, n'kulipenyetsetsa batani lija. Anali mayi woti anawotchapo mbiya zambiri pa utsikana wawo, ndipo za chinyezi sanazimve n'komwe. Nkhope yawo inamasuka poyang'ana mpongozi wawo, ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Atatero anatembenukira kwa Veronica. Anamuyang'ana kuyambira pa duku lakuda mpaka pa chitenje chakuda, pang'onopang'ono, ndipo amayi ena pamphasapo anatsatira maso awo.

"Ndiye mwati chinaphulika ndi chanu?"

"Ndi changa, mayi."

"Amuna anu anatisiya liti?"

Veronica anayankha. Anamva kunong'ona kukuyamba kumbuyo kwake, ndipo anadziwa kuti pofika madzulo nkhaniyi ikhala itadutsa pachigayo. Sanayesenso kufotokoza. Anangokhala chogwada pomwepo, mpaka Sellina anadzuka pamalo pake n'kudzakhala pambali pake.