Boma Likufuna Kuona Chitsa

Chaka chimene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere, ana anatuluka m'midzi ya ku Domasi ngati ngumbi mvula ikagwa. Ena anali atamera kale ndevu. Makalasi anadzaza, otsala n'kumaphunzirira pansi pa mango atakhalira njerwa ndi zitini. Ndiye itamveka mbiri yoti boma ligula madesiki mazana awiri a sukulu za m'chigwamo, ndipo ligula kwa amisiri akomweko, a Mateyo sanadikire kuuzidwa kawiri.

A Mateyo anali kalipentala wa m'mbali mwa msewu wa ku Liwonde. Dzanja anali nalo, zimenezo ngakhale mdani wawo sakanatsutsa. Koma ntchito inali itawathawa, moti miyezi ina ankangokhoma mabokosi a maliro okha. Madesiki amenewa akanawadyetsa chaka chathunthu, iwo ndi akazi awo, n'kufoleranso shedi yawo imene inkadontha.

Mmisiri aliyense anauzidwa kuti abweretse desiki imodzi yachitsanzo. A Mateyo anatsitsa matabwa awo a mbawa amene anagula zaka ziwiri m'mbuyomo kwa Frank wocheka matabwa, n'kuwasunga kudenga kudikira ntchito yaulemu. Anapala, anakhoma, anapaka vanishi kawiri. Desiki inatuluka yofiira, yolemera, yoyenera nduna osati mwana wa mamina wa sitandade wani.

Lolemba, tsiku loonetsa, pabwalo la sukulu panafika amisiri awiri okha: a Mateyo ndi a Idi a ku Naisi. Desiki ya a Idi inali ya paini, yotuwa, ya mfundo paliponse. A Mateyo anaiyang'ana cham'mbali n'kumva chisoni, chisoni chokoma chija munthu amamva akaona kuti mnzake wagwa kale mpikisano usanayambe.

Wodzagula anali mayi Lyness ochokera ku ofesi ku Zomba, mayi wamfupi wa fayilo kukhwapa. Anaigwedeza desiki ya a Mateyo, anaisisita, anayesa kuinyamula koma inawakanika.

"Ntchito yabwino, bambo. Matabwa ake ndi a chiyani?"

"Mbawa, mayi. Zidzukulu za anawa zidzaipeza ili chomwechi."

"Mbawayo inadulidwa kuti?"

Zaka makumi atatu a Mateyo akupala matabwa, ogula ankafunsa za kuchotsera, za chiswe, za tsiku lodzatenga. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsapo kumene thabwa linabadwira.

"Thabwa limachokera kwa ocheka, mayi."

"Nanga ochekawo amalitenga kuti?" Mayi Lyness anatsegula fayilo. "Ndalama zogulira madesikiwa zabwera ndi pepala ili. Tikugula matabwa a mitengo yochita kubzala. Ukakhala mtengo wachilengedwe, ukhale wodulidwa ndi chilolezo, pamalo pamene abzalapo ina. Mukuona, bambo, boma siligula desiki imodzi ngati munthu. Likagula mazana awiri kuno, mazana awiri kwina, ana akhala pabwino, koma phiri likhala mbulanda ndipo mpunga wanu usowa madzi. Ndiye ine ndimafuna kuona chitsa."

"Chitsa?"

"Chitsa. A Idi andionetsa kale lisiti la kunkhalango ya paini, ndipo malowo ndikuwadziwa. Inuyo ndikupatsani mpaka Lachisanu, chifukwa desiki yanu ndaikonda. Mukandipezera chitsa chabwino, ntchito ndi yanu."

A Mateyo anabwerera kwawo akupukusa mutu. Boma limene iwo ankalidziwa linkafuna kuona khadi la chipani ndi chiphaso cha msonkho. Ili lofuna kuona chitsa linali lachilendo, ndipo poyamba anangoliseka. Koma funsolo linawamamatira ngati chisoso pa buluku. Atakhala pakhonde anayang'ana mpando umene anakhalira, kenako chitseko, kenako mpini wa khasu, n'kuzindikira kuti chilichonse mwa zimenezi chinasiya chitsa chake kwinakwake. Kodi zitsa za matabwa onse amene anapala pa moyo wawo, atazisonkhanitsa, zingadzaze munda waukulu bwanji? Akazi awo anawapeza akuyang'anitsitsa chitseko ndipo anawafunsa ngati mutu ukuyenda bwino.

Lachitatu anamupeza Frank akunola sowo kuseri kwa msika. Atamva nkhaniyo, Frank anayamba kukanda m'mutu mosayabwa.

"Achimwene, mukagula nyama pamsika mumafunsa khola? Ingowaonetsani chitsa chilichonse. Mayi wa mu ofesi angasiyanitse chitsa cha mbawa ndi cha mtondo?"

"Mayi aja angasiyanitse," anatero a Mateyo. "Komanso ineyo ndikufuna kuchiona. Ukandionetsa, matabwa onse a ntchitoyi ndidzagula kwa iwe."

Kunena zoona, pofika apa ntchito inali theka chabe la nkhani. A Mateyo ankangofuna kudziwa, monga mmene munthu amafunira kuona nkhope ya amene wakhala akumumva mawu okha. Frank anawerengera madesiki mazana awiri mumtima mwake, mantha n'kuchepa.

Ananyamuka Lachinayi m'mamawa. Anadutsa ku Malosa n'kuyamba kukwera phiri, Frank patsogolo. M'njira a Mateyo ankaima pa chitsa chilichonse, kuchigogoda, kuchinunkhiza, kutchula dzina lake: uwu unali muwanga, uwu mlombwa, uwu anaudula wosadziwa nkhwangwa. Zitsa zinali zambiri kuposa mmene ankaganizira. Frank ankangoti, "Si chimenecho, tiyeni."

Dzuwa lili pamutu anayamba kutsikira kuseri kwa phiri, ndipo njira inayamba kuwadziwa a Mateyo. Ku Domasi iwo anali mkamwini chabe. Kwawo kwenikweni kunali kuno, mudzi wa m'munsi mwa phiri umene unkaoneka madenga ake patali. Chiikire mayi awo m'manda, zaka zinayi zinali zitatha asanapondeko. Mawa, mawa, mpaka mawa linakalamba. Sanamuuze Frank kanthu, chifukwa anali chimanjamanja, opanda ngakhale paketi ya shuga, ndipo ankafuna kungoona chitsa n'kubwerera osaonedwa ndi abale.

Asanafike pa nyumba zoyamba, Frank anapatuka. Anadutsa m'munda wa chinangwa n'kukaima m'mphepete mwa kamsitu.

"Ndi apa. Koma musakauze anthu, achimwene. Thabwa la kumanda palibe angagule. Mtengowu unali cham'mphepete mwa mandawa, sindinalowe m'kati."

Aliyense amadziwa kuti kumanda sikuthyoledwa ngakhale nkhuni youma. N'chifukwa chake mitengo ikuluikulu imatsala kumeneko kwina konse kutayera. Chitsa chinali chachikulu, choti anthu anayi n'kukhalapo osakhudzana. Pafupi pake panali mtumbira umene dzuwa linkawomba popanda chotchinga, udzu wake utapserera. Mtanda wa pamtumbirapo a Mateyo sanafunikire kuuwerenga. Anaukhoma okha, ndipo zilembo zake anazigoba ndi tchizulo yawo yomwe. Malowo anasankha ndi iwo, tsiku la maliro, ponena kuti mayi agone pamthunzi.

A Mateyo sanakhale pachitsapo, anangotembenukira kwa Frank.

"Anakugulitsa ndani?"

"Mayi wina, a Doris, chaka cha chilala chija cha chimanga chachikasu. Akuluakulu a m'mudzi analola, poti manda a pansi pakewo ndi a banja lawo. Ana awo anali atayamba kutupa miyendo. Ndinawapatsa matumba awiri a chimanga." Frank anawayang'ana nkhope. "Bwanji, mukuwadziwa?"

Doris anali mlongo wawo. Chaka chimenecho uthenga wake unawapeza kawiri ku Domasi, ndipo kawiri konse anayankha kuti abwera mwezi ukatha. Kandalama kamene akanatumiza anakasunga. Patatha miyezi itatu anakagulira matabwa okongola a mbawa kwa Frank, n'kumadzitama kwa akazi awo kuti agula motchipa.

Manyazi amene anawagwira a Mateyo pamenepo anali oposa chisoni. Anamuuza Frank kuti abwerere yekha. Iwo analowera kumudzi, chimanjamanja chomwecho, kukagogoda kwa mlongo wawo. Doris sanawakalipire. Anawayalira mphasa, anawapatsa madzi, n'kuwafunsa za alamu ake ku Domasi, ndipo zimenezi zinawapweteka kuposa kutukwanidwa.

Lachisanu masana, atadzera kunyumba kutenga njinga yawo, anafika pasukulu paja akuikankha, fumbi la m'phiri lili m'miyendo. Mayi Lyness anali atakhala pansi pa mango ndi fayilo yawo, madesiki awiri aja ali patsogolo pawo. A Idi anali ataima chapatali, kofiya ali m'manja.

"Mwachipeza chitsa, bambo?"

"Ndachipeza, mayi."

Mayi Lyness anavundukula cholembera. "Chilolezo chinalipo? Anabzalapo ina?"

A Mateyo ankadziwa kuti zitsa za mbawa m'phirimo zilipo zambiri, ndipo china mwa izo chikanatha kuvala nkhani yabwino. Ankadziwanso kuti mvula ikubwera ndipo shedi idakali yodontha.

"Musalembe, mayi. Ntchito apatseni a Idi. Paini wawo ali ndi kwawo kodziwika."

"Chitsacho chili kuti?" Tsopano mayi Lyness ankafunsa ngati munthu, osati ngati ofesi.

"Chili kumutu kwa manda a mayi anga."

Mayi Lyness anatseka fayilo pang'onopang'ono. A Idi anabwera nagwira mbali imodzi ya desiki yofiira ija, n'kuthandiza kuikweza pakaliyala. A Mateyo anaimanga ndi mphira, kuzunguliza katatu.

"Pepani, bambo," anatero mayi Lyness. "Mukaigulitsa kwina? Ogula sangasowe."

"Iyi si yogulitsa, mayi. Ili ndi eni ake kuseri kwa phiri. Ana a mlongo wanga nawonso ayamba sukulu."

Kukwera njinga sikukanatheka ndi katundu wolemera chotero. Anaikankha kutuluka pabwalo la sukulu, ndipo pofika pamsewu sanakhotere kunyumba, anakhotera ku Malosa.